Ambuye James Chiona ndi Lenti yomwe idagwedeza dziko

Akhristu achikulire a mpingo wa Katolika ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri akamakamba za nyengo ya Lenti, pali chaka chimodzi chomwe sichisowa pakamwa pawo. Chakacho ndi 1992. Pa 8 Malichi, lomwe lidali Lamulungu loyamba la Lenti, ansembe ndi akatekisiti m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse lino adawerenga kalata ya aepiskopi yomwe idatchula poyera zinthu zomwe anthu ankangonong'onezana kuseri kwa nyumba. Mkulu wa aepiskopi asanu ndi awiri omwe adasayina kalatayo adali malemu Ambuye James Chiona, Arkiepiskopi wa Blantyre.

Ambiri mwa achinyamata a lero dzinali amangolimva. Koma ufulu womwe ali nawo wodzudzula boma pa wailesi, m'minibasi kapena pamsika popanda kuyang'ana kumbuyo udayambira pa zomwe mkuluyu ndi anzake adachita m'nyengo yosala kudya imeneyo.

Njira yopita ku unsembe

Ambuye Chiona adabadwa mchaka cha 1924, dziko lino likutchedwa Nyasaland. Panthawiyo mpingo wa Katolika udali wakhanda m'chigawo cha kummwera. Ansembe a chipani cha Montfort adali atafika ku Nzama m'boma la Ntcheu mchaka cha 1901 chabe, kenaka nkutsegula mishoni zina monga ya Nguludi ku Chiradzulu. Ansembe pafupifupi onse adali azungu ochokera ku France ndi ku Holland.

Mnyamata wofuna unsembe masiku amenewo ankayenda njira yaitali. Ankayamba ku seminale yaing'ono ya Nankhunda ku Zomba, kenaka nkupita ku seminale yaikulu ya Kachebere ku Mchinji. Maphunziro ankatenga zaka zoposa khumi, Chilatini chili patsogolo, ndipo ambiri ankabwerera panjira. Ambuye Chiona adapirira mpaka kudzozedwa unsembe mchaka cha 1954, ali ndi zaka pafupifupi 30.

Unsembe wawo udayamba dziko likutentha ndi nkhani ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mchaka cha 1960 padabuka mkangano woopsa pakati pa chipani cha Malawi Congress Party ndi mpingo wa Katolika. Nyuzipepala ya chipanicho idadzudzula kwambiri Arkiepiskopi wa Blantyre wa nthawiyo, Ambuye Theunissen a ku Holland, powaganizira kuti ndiwo adali kuseri kwa chipani chatsopano cha Christian Democratic Party chomwe adayambitsa Chester Katsonga. Mkanganowo udasiya chipsera. Atsogoleri a mpingo adaphunzirapo kuti kukhudza ndale kunkaika Akhristu awo pamoto, ndipo kwa zaka zambiri adasankha kuyenda mosamala.

Mchaka cha 1965 Papa adasankha bambo Chiona kukhala episkopi wothandiza mu arkidayosizi ya Blantyre. Pa 29 Novembala 1967 adasankhidwa kulowa m'malo mwa Ambuye Theunissen, ndipo adakhala Mmalawi woyamba kukhala arkiepiskopi. Mmalawi woyamba kukhala episkopi adali Ambuye Cornelius Chitsulo a ku Dedza, zaka khumi m'mbuyomo.

Mbusa wa mzinda womakula

Zaka zomwe Ambuye Chiona adatsogolera mpingo ndi zomwe mzinda wa Blantyre udafufuma. Anthu ankachoka ku Chiradzulu, Thyolo, Mulanje, Zomba, Machinga, Mangochi, Nsanje ngakhalenso kumpoto kudzafuna ntchito m'mafakitale a ku Makata, kunjanji ku Limbe ndi m'masitolo a amwenye. Ankafikira ku Ndirande, Bangwe, Zingwangwa, Chilomoni, ndipo pambuyo pake ku Machinjiri. Pa poloti imodzi pankapezeka Mlhomwe, Myao, Msena, Mngoni ndi Mtumbuka, onse akutunga madzi pa mpope umodzi.

Wansembe mmodzi sakadatha kufikira khamu lotere. M'zaka za m'ma 1970 aepiskopi a m'maiko a kummawa kwa Africa, Malawi ali momwemo, adagwirizana kuti mpingo uzimangidwa pa timagulu ting'onoting'ono ta mabanja oyandikana. M'chigawo chapakati timaguluti amati miphakati, pomwe kummwera ambiri amati malimana. Pa limana Akhristu amakumana pakhomo pa mmodzi wa iwo, kuwerenga mawu a Mulungu, kusonkherana ya maliro, kuyendera odwala ndi kuweruza timikangano ta m'banja.

Nyengo ya Lenti ndi yomwe moyo wa pa limana umaonekera bwino. Imayamba Lachitatu Laphulusa, pomwe wansembe amapaka phulusa pamphumi pa Akhristu, phulusa lochokera ku kanjedza wa chaka chathacho. Kwa masiku 40 Akhristu amapemphedwa kupemphera, kusala kudya ndi kuthandiza osauka. Lachisanu lililonse sadya nyama, ndipo madzulo akaweruka kuntchito amasonkhana pa Njira ya Mtanda, kugwada ndi kudzuka pa malo 14 okumbukira masautso a Yesu. Pamzere wa kulapa pamadzaza. Ophunzira chikhristu amakonzekera ubatizo wa usiku wa Pasaka.

M'Malawi muno Lenti imagwa nthawi yovuta, Febuluwale ndi Malichi, nkhokwe zitauma koma chimanga chisanache. Kwa mabanja ambiri a m'matauni kusala kudya sichinthu chochita kuphunzitsidwa. Mbale ya ufa yomwe limana limapereka kwa mayi wamasiye nthawi imeneyi imakhala yochotsedwa pakamwa pa ana a mwini wake.

Zaka za chete

Mbiri ya Ambuye Chiona singakhale yoona itabisa zaka zomwe mpingo udakhala chete. Mchaka cha 1967, chomwe iwo adalandira udindo, boma lidaletsa mpingo wa Mboni za Yehova, ndipo mchaka cha 1972 zikwizikwi za anthu a mpingowo zidathawira ku Zambia ndi ku Mozambique zitamenyedwa ndi kutenthedwera nyumba kaamba kokana kugula khadi la chipani. Mchaka cha 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda adakhala pulezidenti wamuyaya. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adaphedwa ku Mwanza ndipo boma lidati idali ngozi ya galimoto. Anthu ambiri adatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu.

Pa zonsezi mipingo ikuluikulu, wa Katolika uli momwemo, siidalankhule poyera. Atsogoleri a mipingo ankapezeka pa zochitika za boma ndi kupempherera mtsogoleri wa dziko. Ena amati kukhala chete kumeneko kudateteza sukulu, zipatala ndi miyoyo ya Akhristu. Ena amati kudatalikitsa mazunzo. Akatswiri a mbiri ya mpingo adakambapo mbali zonse ziwiri, ndipo Ambuye Chiona, monga mkulu wa Akatolika, mlanduwu umawakhudza.

Zinthu zidayamba kutembenuka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Kuyambira pa 4 mpaka pa 6 Meyi 1989 Papa John Paul II adacheza m'dziko muno ndipo Ambuye Chiona ndiwo adamulandira ku Blantyre. Papayo adachita Misa pabwalo lomwe lero limadziwika kuti Njamba Freedom Park, komanso adakumana ndi atsogoleri a mipingo ina ndi a zipembedzo zina. Chaka chomwecho khoma la Berlin lidagwa. Mchaka cha 1990 Nelson Mandela adatuluka m'ndende, ndipo mchaka cha 1991 anthu a ku Zambia adachotsa Kenneth Kaunda kudzera m'chisankho cha zipani zambiri. Mphepo idali itasintha kolowera.

Kalata ya pa 8 Malichi

Kumayambiriro kwa 1992 dziko lidali pa chilala choopsa, komanso likusunga anthu pafupifupi 1 miliyoni othawa nkhondo ku Mozambique. Ndi m'nyengo imeneyi momwe aepiskopi, Ambuye Chiona ali wapampando wa bungwe lawo, adakonza kalata yotchedwa Living Our Faith. Enawo adali Ambuye Felix Mkhori a ku Chikwawa, Ambuye Matthias Chimole a ku Lilongwe, Ambuye Alessandro Assolari a ku Mangochi, Ambuye Allan Chamgwera a ku Zomba, Ambuye Gervazio Chisendera a ku Dedza ndi Monsinyolo John Roche a ku Mzuzu.

Kalatayo idasindikizidwa ku makina a ansembe a Montfort ku Balaka, makope 16,000 m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Idafika m'maparishi mwakachetechete, akazitape a boma osadziwa kanthu.

Zomwe idanena zidali zomwe mayi aliyense wogulitsa tomato pamsika wa Ndirande ankazidziwa kale. Idakamba za mpata womwe unkakulirakulira pakati pa olemera ndi osauka, malipiro ochepa a antchito, mitengo yotsika yomwe alimi ankagulitsira mbewu zawo, ziphuphu ndi kukondera pachibale. Idatchula kuthithikana kwa ana m'makalasi, kusowa kwa mabuku ndi aphunzitsi, kuchepa kwa mankhwala ndi madotolo, komanso matenda a Edzi. Kenaka idafika pachilonda chenicheni. Idadandaula za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, za kusowa kwa ufulu wolankhula ndi wolemba, za mphatso zokakamiza, ndi za anthu obwezedwa pamsika, pachipatala ndi podikirira basi chifukwa chopanda khadi la chipani. Idakumbutsanso kuti nzeru sizikhala mwa munthu mmodzi.

Kalatayo siidatchule dzina la munthu, ndiponso siidapemphe kuti boma lichoke. Komabe m'matchalitchi ambiri anthu adaomba m'manja ndi kululutira, ena nkumayang'ana kukhomo kuopa kuti apolisi alowa.

Masiku a mantha

Boma lidayankha mwaukali. Pa 10 Malichi aepiskopi adaitanidwa ku polisi ya Kanjedza ku Blantyre komwe adafunsidwa mafunso kwa maola asanu ndi atatu, kenaka nkuuzidwa kuti akhale kunyumba ya Arkiepiskopi. Wailesi ya MBC idalengeza kuti kalatayo ndi youkira boma ndipo aliyense wopezeka nayo adzamangidwa. Pamsonkhano wadzidzidzi wa akuluakulu a chipani ku Lilongwe ena adanena poyera kuti aepiskopiwo aphedwe. Tepi ya zokambiranazo idatuluka nkufika kunja kwa dziko, ndipo dziko lonse lapansi lidamva. Ku Balaka, nyumba ya makina omwe adasindikiza kalatayo idayatsidwa moto.

Ambuye Chiona panthawiyo adali ndi zaka 67. Ankadziwa bwino zomwe zidachitikira anthu anayi aja ku Mwanza. Papa adatumiza nthumwi yake kudzakambirana ndi boma, ndipo aepiskopi adafotokoza kuti cholinga chawo sichidali kuyambitsa chisokonezo. Koma kalatayo sadaibweze.

Kuiletsa kudangoitchukitsa. Anthu ankaikopera pa makina a m'maofesi, kuibisa m'denga ndi m'matumba a ufa, nkumapatsirana usiku. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba adayenda pamsewu kuonetsa kuti ali pambuyo pa aepiskopi, ndipo anzawo a ku Polytechnic ku Blantyre adachita chimodzimodzi. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana adamangidwa pabwalo la ndege ku Lilongwe akutsika ndege kudzalalikira za demokalase. Pa 17 Epulo, Lachisanu Loyera, Monsinyolo Roche, omwe kwawo kudali ku Ireland, adalamulidwa kutuluka m'dziko muno. Chaka chimenecho Akhristu adayenda Njira ya Mtanda akudziwa kuti abusa awo ali pa mtanda wawowawo.

Kumayambiriro kwa Meyi antchito a pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons, ambiri mwa iwo okhala ku Ndirande, adanyanyala ntchito kufuna malipiro abwino. Sitalakayo idafalikira mzinda wonse, masitolo adaswedwa, apolisi adaombera, ndipo anthu osachepera 38 adafa. Mwezi womwewo maiko othandiza Malawi, pamsonkhano wawo ku Paris, adaimitsa thandizo lonse kupatula la chakudya ndi la othawa nkhondo.

Akhristu ndi Asilamu pa mphasa imodzi

Pali chinthu china chokhudza chaka cha 1992 chomwe sichikambidwa kawirikawiri. Lachitatu Laphulusa lidali pa 4 Malichi, ndipo mwezi wa Ramadan udayamba m'sabata yomweyo. Choncho pomwe kalata inkawerengedwa, Akhristu ndi Asilamu onse adali pa kusala kudya. Asilamu adachita chikondwerero cha Eid kumayambiriro kwa Epulo, Akhristu nkudzachita Pasaka pa 19 Epulo.

M'matauni a Blantyre anthu a zipembedzo ziwirizi sadali alendo kwa wina ndi mnzake. Pamaliro a Mkhristu, mnansi wachisilamu amakhala nawo pa siwa mpaka kucha. Pa ukwati kapena pa chinkhoswe, mbuzi ndi nkhuku amapatsa Msilamu kuti azinge pofuna kuti aliyense adye momasuka. M'banja limodzi mumapezeka malume wopita ku mzikiti Lachisanu ndi mphwake wopita kutchalitchi Lamulungu. Khadi la chipani nalo silinkasankha chipembedzo. Ayufi akaima pachipata cha msika ankabweza wovala kolona ndi wovala kofiya mofanana.

Ubale wa pansiwu udakwera kufika kwa atsogoleri. Mu Juni 1992 abusa a CCAP a sinodi za Blantyre ndi Livingstonia, pamodzi ndi nthumwi za mgwirizano wa mipingo yawo padziko lonse, adapereka kalata kwa Dr Banda yogwirizana ndi zomwe aepiskopi adanena. Sinodi ya Nkhoma siidalowe nawo. M'miyezi yotsatira kudabadwa bungwe la Public Affairs Committee, PAC mwachidule. Mudali bungwe la aepiskopi a Katolika lomwe Ambuye Chiona ankatsogolera, mipingo ya CCAP, Anglican ndi ina, bungwe la Muslim Association of Malawi, bungwe la maloya ndi la amalonda. Kadali koyamba kuti ansembe, abusa ndi mashehe akhale mbali imodzi ya tebulo kukambirana ndi nduna za boma za tsogolo la dziko.

Kugwirizana kumeneku kudatseka pakamwa omwe ankati kalata ija idali chiwembu cha Akatolika okha kapena cha ansembe achizungu. Kudathandizanso kuti mkwiyo womwe udaoneka mu Meyi usasanduke nkhondo. A Malawi sankachita kuuzidwa kuti nkhondo ndi chiyani, popeza othawa ku Mozambique adali nawo pakhomo ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. M'matchalitchi, m'malimana ndi m'mizikiti pemphero lalikulu lidali lakuti kusintha kubwere popanda kukhetsa mwazi. Pa 4 Okutobala 1992 boma la Mozambique ndi Renamo adasayina pangano la mtendere ku Rome, ndipo mmodzi mwa amkhalapakati adali Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira. Patangotha masabata awiri, pa 18 Okutobala, Dr Banda adalengeza kuti kukhala riferendamu.

Nyali ndi tambala

Riferendamu idachitika pa 14 Juni 1993. Chizindikiro cha zipani zambiri chidali nyali, cha chipani chimodzi chidali tambala wakuda. Anthu pafupifupi 63 pa 100 alionse adasankha nyali. Pa 17 Meyi 1994 kudachitika chisankho chachikulu ndipo Bakili Muluzi, Msilamu, adapambana m'dziko lomwe Akhristu ndiwo ochuluka. Dr Banda adavomera kugonja. Ulendo womwe udayamba ndi kalata ya Lenti ya Akatolika udathera pa kulumbiritsa Msilamu kukhala mtsogoleri wa dziko, mavoti ambiri akuchokera kwa Akhristu a kummwera.

Sikuti ubalewu sudayesedwe. Chisankho cha 1999 chitatha, mizikiti ina idatenthedwa kumpoto. Mchaka cha 2000 kudabuka mkangano pa phunziro la Baibulo m'sukulu za sekondale. Mchaka cha 2002 nkhani yofuna kusintha malamulo kuti pulezidenti aimenso kachitatu idautsa mapiri pachigwa, ndipo PAC idatsutsa ganizolo molimba. Pa mayesero onsewa dziko lidali ndi poyambira, chifukwa atsogoleri a zipembedzo adali atazolowera kale kuitanana ndi kukhala pansi.

Masiku otsiriza

Ambuye Chiona adapuma pa udindo mu Januwale 2001 atatumikira monga arkiepiskopi kwa zaka 33. Adalowa m'malo mwawo ndi Ambuye Tarsizio Ziyaye. Mkuluyu adamwalira pa 18 Ogasiti 2008. Mchaka cha 2013 mpando womwe iwo adakhalapo udapatsidwa kwa Ambuye Thomas Luke Msusa, omwe adabadwira m'banja lachisilamu ku Mangochi.

Mavuto ambiri omwe kalata ya 1992 idatchula sadathe ndi kugwa kwa chipani chimodzi. Aepiskopi a m'mbuyo mwa Ambuye Chiona adapitiriza kulemba makalata, ambiri m'nyengo ya Lenti, odandaula za katangale, kukwera mitengo kwa zinthu ndi kusowa kwa mankhwala. Kusiyana kwake nkwakuti makalata amenewa amawerengedwa poyera, amasindikizidwa m'nyuzipepala, ndipo palibe yemwe amawabisa m'thumba la ufa.

Chaka cha Asilamu nchachifupi ndi masiku pafupifupi 11 poyerekeza ndi chaka cha pa kalendala ya masiku onse, choncho Ramadan imabwerera pamalo pake pakatha zaka ngati 33. Mchaka cha 2025 zidabwerezanso monga mu 1992. Ramadan idayamba kumayambiriro kwa Malichi ndipo Lachitatu Laphulusa lidali pa 5 Malichi. Ku Bangwe ndi ku Ndirande anansi adasalanso kudya nthawi imodzi, ena akupita ku mzikiti dzuwa likalowa, ena ku Njira ya Mtanda Lachisanu madzulo. Ku Chilomoni Akhristu amakwera phiri la Michiru kutsata malo 14 aja mpaka pa mtanda waukulu pamwamba, pomwe mzinda wonse womwe Ambuye Chiona adaweta umaoneka pansi.

Makolo omwe adaimva kalata ija ndi makutu awo akuchepa chaka ndi chaka. Omwe atsala ali ndi ngongole yofotokozera ana ndi adzukulu awo za masiku omwe pepala lowerengedwa m'tchalitchi linkamangitsa munthu, komanso za mkulu wa zaka 67 yemwe, atakhala chete nthawi yaitali, adaika dzina lake pamwamba pa anzake pa pepalalo ndipo sadalifufute.